Mankhwala akamathamangitsana m'mimba mwa munthu mmodzi

Funso: Adokotala, ndimasamalira bambo anga a zaka 68. Kwa chaka ndi theka akhala akumwa diclofenac pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha mawondo. Miyezi ingapo yapitayo anayamba kudandaula kuti cham'mwamba mwa mimbamu mukuwotcha, ndiye ndimawagulira mankhwala oyera amadzimadzi aja a zilonda za m'mimba. Kenako anayamba kudzimbidwa, mpaka masiku 4 kapena 5 osapita kuchimbudzi. Ndikawapatsa senna amatsekula m'mimba, ndikawapatsa loperamide ndi Flagyl amadzimbidwanso. Ndatopa, komanso ndayamba kuopa. Kodi mankhwala abwino a mavuto atatuwa ndi ati? Funso lina: mwana wanga wa zaka 2 akatsekula m'mimba, ndingamupatse theka la piritsi la loperamide?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi funso lomalizalo, chifukwa yankho lake silingadikire. Mwanayo musamupatse loperamide, kaya theka, kaya kachidutswa. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

Za bambo anu, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo chimene ndikuona si matenda atatu ayi. Ndikuona vuto limodzi limene labereka anzake, moti mankhwala aliwonse amene mukuwapatsa akuyambitsa chimene mankhwala otsatira akubwera kudzathetsa. Ndikukumbukira bambo ena achikulire amene anabwera kwa ine atanyamula jumbo ya mankhwala. Anawakhuthulira patebulo, mitundu 7. Ndinawapempha kuti awandandalike motsata mmene anayambira kumwa. Anakhala kanthawi akusunthasuntha timapaketi ndi chala, kenako mzere unaoneka: kumayambiriro kunali piritsi la msana, kumapeto kunali mankhwala otsekulitsa m'mimba. Tisanalankhule zambiri anaona okha pamene nkhani inayambira. Mzere wa bambo anu wayambira pa diclofenac.

Chifu cha munthu chimatulutsa asidi wamphamvu woti n'kusungunula nyama, koma sichidzigaya chokha chifukwa khoma lake limakutidwa ndi ntchofu yokhuthala, ndipo magazi amayenda bwino pansi pake kukonza paliponse pamene pakalika. Chitetezo chimenechi chimadalira timadzi tina ta m'thupi totchedwa prostaglandin. Timadzi tomweti ndi timene timachititsa kuti bondo lotupa lizipweteka. Diclofenac, ibuprofen, indomethacin, naproxen ndi aspirin amaletsa ululu pochepetsa timadzi timeneti, ndipo sasankha malo. Amatichepetsa pabondo, amatichepetsanso m'chifu. Ntchofu ija ikapyapyala, asidi amafika pamnofu n'kuboola chilonda. N'chifukwa chake kumwa mankhwalawa mutadya kumangochepetsa kuwotcha koma sikuteteza mokwanira, ndipo ngakhale a jakisoni amatha kuyambitsa chilonda, poti amafika m'chifumo kudzera m'magazi. Ngozi imakula munthu akapitirira zaka 65, akamamwa kwa miyezi, kapena akamaphatikiza ndi prednisolone, aspirin kapena mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin. Bambo anu ali kale m'magulu awiri oyambawo.

Choncho mankhwala oyamba a chilonda chawo ndi kusiya diclofenac. Ndikudziwa kuti mawondo sadzasiya kupweteka chifukwa choti ine ndanena. Paracetamol savulaza chifu. Munthu wamkulu amamwa 1 g, ndiye kuti mapiritsi awiri a 500 mg, mpaka kanayi patsiku, osapitirira 4 g pa maola 24, ndipo mlingo umachepetsedwa kwa munthu woonda kwambiri, wodwala chiwindi kapena womwa mowa kwambiri. Palinso diclofenac wopaka pabondo pomwepo, amene amalowa m'magazi pang'ono chabe. Muziwerenganso mapaketi a mankhwala a mutu ndi a chimfine, chifukwa ambiri amabisa aspirin kapena ibuprofen m'kati. Koma ngati bambo anapatsidwa aspirin wa mlingo wochepa chifukwa cha mtima kapena sitiroko, ameneyo musawasiyitse nokha. Dokotala ndi amene angayerekeze ngozi ziwirizo.

Pali chinthu chachiwiri chimene chimayambitsa zilondazi, ndipo nthawi zambiri chimagwirizana ndi choyambacho. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsa kuti zilonda za m'mimba zimabwera ndi nkhawa, tsabola komanso kudya mosasunga nthawi, ndiponso kuti palibe kachilombo kangakhale m'asidi wa m'chifu. Ku Perth, m'dziko la Australia, dokotala Robin Warren ankaonabe tizilombo topindika m'tizidutswa ta chifu timene ankapima. Mu 1982 iye ndi dokotala wachinyamata Barry Marshall anakwanitsa kumeretsa bakiteriya ameneyu, amene lero timamutcha Helicobacter pylori. Anthu atakana kukhulupirira, mu 1984 Marshall anamwa madzi odzaza ndi tizilomboti, ndipo pasanathe masabata awiri chifu chake chinatupa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Pafupifupi theka la anthu padziko lapansi ali naye bakiteriyayu, ambiri anamutenga ali ana, ndipo ambiri sawadwalitsa. Koma mwa ena amafooketsa khoma la chifu mpaka chilonda, ndipo kuyambira mu 1994 anaikidwa m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa ya m'chifu. Nkhawa ndi tsabola zingathe kukulitsa ululu wa chilonda chimene chilipo kale, koma si zimene zimachikumba. Fodya yekha ndiye amachedwetsadi kupola, ndipo mowa umapsereza pamene pali kale bala.

Tsopano mankhwala oyera aja. Ntchito yawo ndi kuziziritsa asidi amene watuluka kale. Amathandiza m'mphindi zochepa, mphamvu yake n'kutha pakangopita ola limodzi kapena awiri, chifu n'kutulutsanso wina. Ululu amauletsa, koma pa mlingo umene anthu amamwa kunyumba sapoletsa chilonda, ndipo choopsa chake n'chakuti munthu amapitiriza kumwa diclofenac poganiza kuti wapeza chishango. Tengani botololo muwerenge zimene zili m'kati. Mukaona aluminium hydroxide kapena calcium carbonate, mwapeza chimodzi mwa zimene zikuwadzimbitsa bambo. Okhala ndi magnesium amachita zosiyana, amafewetsa chimbudzi, n'chifukwa chake makampani ambiri amasakaniza ziwirizi. Walira mvula walira matope: mankhwala aliwonse amabwera ndi zake. Amenewa amamatiriranso mankhwala ena m'matumbo n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi, monga ciprofloxacin, doxycycline, mapiritsi owonjezera magazi ndi dolutegravir wa HIV. Pazikhala mpata wa maola osachepera awiri, ndipo dolutegravir amwedwe maola 2 musanamwe oyerawo kapena maola 6 mutamwa. Mkaka nawonso umanyengerera chimodzimodzi, umaziziritsa kwa kanthawi kenako umachititsa chifu kutulutsa asidi wambiri. Soda wophikira musawapatse, ali ndi mchere wochuluka woipira munthu wothamanga magazi.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala ochepetsa asidi asanatuluke. Woyamba anali cimetidine, amene anatuluka mu 1976 kuchokera ku ntchito ya James Black, ndipo anachepetsa kwambiri maopaleshoni a zilonda. Mnzake ranitidine anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2020 atapezeka kuti amatha kukhala ndi kanthu kotchedwa NDMA kamene kakuganiziridwa kuti kamayambitsa khansa. Ngati muli naye wakale m'kabati, musamugwiritse ntchito. Famotidine ndi wa gulu lomweli ndipo akugwirabe ntchito bwino.

Koma amene amapoletsadi chilonda ndi omeprazole ndi abale ake, monga esomeprazole, lansoprazole ndi pantoprazole. Amenewa amatseka timipope tomwe timapopera asidi m'chifu. Pano pali chinthu chimene odwala ambiri sauzidwa. Mankhwalawa amagwira timipope tokhato timene tadzuka, ndipo chimene chimatidzutsa ndi chakudya. Ndiye amwedwe m'mawa, mphindi 30 mpaka 60 munthu asanadye, kuti pamene timipopeto tikuyamba ntchito mankhwala akhale atafika kale m'magazi. Kumwa kapisozi mmodzi pa nthawi imene mwayamba kumva kuwotcha n'kuwononga mankhwala, chifukwa mphamvu yake yonse imaoneka pakapita masiku atatu kapena anayi akumwedwa mosadumphitsa. Mlingo wozolowereka wa omeprazole ndi 20 mg patsiku. Chilonda cha poyambira matumbo aang'ono chimafuna pafupifupi masabata 4, cha m'chifu mwenimweni masabata 8. Ululu umatha msanga chilonda chisanatseke, ndipo apa ndi pamene ambiri amasiyira. Kumbali ina, si mankhwala omwa zaka ndi zaka popanda chifukwa. Akamwedwa nthawi yaitali amatha kuchepetsa magnesium ndi vitamini B12 m'thupi, kufooketsa mafupa, ndi kutsegulira khomo tizilombo ta m'matumbo timene asidi akanapha. Sagwirizana ndi mankhwala a HIV otchedwa atazanavir komanso rilpivirine, ndipo omeprazole amachepetsa mphamvu ya clopidogrel, woletsa magazi kuundana. Dokotala adziwe zonse zimene bambo amamwa.

Ngati Helicobacter alipo, omeprazole yekha apoletsa chilonda koma chidzabweranso. Kachilomboka kamapimidwa m'chimbudzi kapena mu mpweya wopuma. Kupima magazi kumangosonyeza kuti munthu anakumanapo nako, sikunena ngati kadakalipo. Kuti zotsatira zikhale zoona, munthu akhale atasiya omeprazole kwa masabata 2 ndi maantibayotiki kwa masabata 4, ndiye muwauze opima za Flagyl munawapatsa uja. Kukapha pamafunika mankhwala atatu kapena anayi pamodzi. Njira yodziwika kwambiri ndi omeprazole kawiri patsiku, amoxicillin 1 g kawiri patsiku ndi clarithromycin 500 mg kawiri patsiku kwa masiku 14. Kumene tizilomboti tayamba kupirira clarithromycin, amapereka anayi: omeprazole, bismuth, tetracycline ndi metronidazole. Mapiritsi ake ndi ambiri, m'kamwa mumawawa ngati mwatafuna chitsulo, ena amachita nseru. Ndimawauza odwala anga pasadakhale kuti sabata yachiwiri ndi yotopetsa koma asadule, chifukwa tizilombo totsala ndi tija tolimba, ndipo ulendo wachiwiri umavuta kuposa woyamba. Amene thupi lawo limadana ndi penicillin anene msanga, chifukwa amoxicillin ndi wa banja lomwelo.

Ndisanachoke pa zilonda, pali zinthu zoti muone lero lomwe. Yang'anani chimbudzi cha bambo. Chikakhala chakuda bii ngati phula, chomata komanso chonunkha modabwitsa, amenewo ndi magazi ochokera m'chifu. Mapiritsi owonjezera magazi ndi bismuth nawonso amadetsa chimbudzi, koma sachichititsa kumata choncho. Tsitsani chikope chawo cham'munsi muone ngati m'kati mwayera. Afunseni ngati akuchita chizungulire akaimirira. Kusanza magazi kapena zinthu zakuda ngati nsenga za khofi, ululu wobaya mwadzidzidzi mimba n'kuuma gwa ngati thabwa, zimenezo n'zothamangira kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Kuonda, chakudya kutsamira pomeza, ndi kusanza mobwerezabwereza n'zofunika kuunikidwa msanga. Ngakhale zonsezi palibe, munthu wa zaka zopitirira 60 amene wayamba kumene kumva ululu wotere amayenera kuunikidwa ndi kachingwe ka kamera kolowetsa pakamwa, chifukwa khansa ya m'chifu imatha kuvala nkhope ya chilonda ndipo omeprazole amaibisa kwa kanthawi. Kumbukiraninso kuti kwa achikulire matenda a mtima nthawi zina amabwera ngati chilungulira. Kuwotcha kobwera ndi thukuta, phuma, kapena ululu wopita kumkono kapena kunsagwada si kwa m'mimba.

Tibwere ku kudzimbidwa. Si lamulo kuti munthu azichita chimbudzi tsiku lililonse. Kuyambira katatu patsiku mpaka katatu pasabata zonse n'zabwinobwino. Timati munthu wadzimbidwa akamapita kosakwana katatu pasabata, chimbudzi chili chouma ngati timiyala, akuchita kulimbana nacho. Ntchito ya matumbo aakulu ndi kuyamwa madzi, ndiye chimbudzi chikachedwamo chimaumirauma. Kwa bambo anu zochedwetsa zilipo zingapo: mankhwala oyera aja, loperamide, kusayendayenda chifukwa cha mawondo, mwinanso kumwa madzi ochepa, poti ludzu limachepa munthu akamakula. Onaninso ngati pa mankhwala awo a ululu palibe codeine kapena tramadol. Amenewa, pamodzi ndi morphine, amitriptyline ndi mapiritsi owonjezera magazi, ndi akatundu podzimbitsa.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwina kutsekula m'mimba kwawoko si kutsekula kwenikweni. Kwa okalamba chimbudzi chouma chimatha kuunjikana kumapeto kwa matumbo n'kukhala ngati chitsekerero. Zamadzimadzi zochokera kumtunda zimadutsa m'mbali mwake n'kumatuluka pang'onopang'ono, nthawi zina mpaka kuipitsa zovala munthu osadziwa. Wosamalira amaona ngati wodwala watsekula m'mimba n'kumupatsa loperamide, chitsekerero chija n'kulimbiratu. Dokotala kapena namwino amadziwa zimenezi pogwira mimba ndi kupima ndi chala kumbuyo, ndipo sizitenga mphindi ziwiri.

Mankhwala ofewetsa m'mimba sagwira ntchito mofanana, ndipo kusankha molakwika ndi kumene kumabweretsa chipwirikiti chimene mukuonacho. Senna ndi bisacodyl amakwapula matumbo kuti afinye. Amagwira pakatha maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake amamwedwa pogona. Ndi abwino kwa masiku ochepa, ndipo ndi ofunika kwa munthu amene akumwa morphine kapena codeine, koma kufinya matumbo pamene chimbudzi chili chouma gwa kumabweretsa kupotokola, ndipo mlingo ukachuluka munthu amatsekula. Kwa munthu ngati bambo anu ine ndimayamba ndi okoka madzi, macrogol kapena lactulose. Amenewa sakwapula, amangosunga madzi m'chimbudzimo kuti chifewe. Lactulose ndi wamadzi otsekemera, wamkulu amayamba ndi 15 ml kawiri patsiku, ndipo amatenga mpaka masiku awiri kuti aonetse ntchito. Masiku oyamba mimba imadzaza mpweya. Macrogol ndi ufa wosungunula m'madzi, sachulutsa mpweya kwambiri, ndipo ndi amene timagwiritsa ntchito kusungunula chitsekerero ndanena chija. Apa pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri akaona kuti tsiku loyamba palibe chachitika amawonjezera senna pamwamba, tsiku lachitatu zonse n'kugwira nthawi imodzi. Chimbudzi chikakhala kuti chafika kale pakhomo koma chikukanika kutuluka, kamphumphu ka glycerin kolowetsa kumbuyo kamathandiza pasanathe theka la ola. Aliponso a ufa wofufuma monga ispaghula, amene amakulitsa chimbudzi kuti matumbo achigwire bwino. Amafuna madzi ambiri, ndipo si oyenera munthu amene watsekeka kale. Mafuta a nsatsi, parafini wakumwa (mafuta ofewetsa m'mimba, osati wa nyali) ndi madzi a sopo opopera kumbuyo, zimenezo zisiyeni. Parafini akapita njira ya mpweya amayambitsa chibayo, ndipo okalamba sachedwa kutsamwa. M'mimba simufunikanso kutsukamo mwezi ndi mwezi monga ena amakhulupirira.

Zipatso, ndiwo zamasamba, nyemba ndi mbewu zogaya ndi gaga wake zimathandiza, koma ziwonjezedwe pang'onopang'ono limodzi ndi madzi. Matumbo amadzuka okha munthu akangodya m'mawa, ndiye imeneyo ndiyo nthawi yoti bambo akakhale kuchimbudzi mosathamangitsidwa. Ngati chimbudzi chanu n'chokhalira, kampando kakang'ono kopondapo kuti mawondo akwere pang'ono kamawongola njira. Koma mimba ikatupa, akusanza, ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, musawapatse chofewetsa chilichonse, chifukwa mwina matumbo atsekeka. Ndipo ngati mankhwala onsewa atasiyidwa kudzimbidwa ndi kutsekula kukusinthanabe, kapena mwaona magazi, pa msinkhu wawo matumbo aakulu ayenera kuunikidwa. Magazi musangowaweruza kuti ndi a matenda a mudzi.

Tsopano kutsekula m'mimba, kumene ndikufuna mumvetse kwambiri chifukwa cha mwana uja. Tsiku lililonse m'matumbo a munthu wamkulu mumadutsa madzi okwana malita 8 kapena 9, kuphatikiza zimene wamwa ndi timadzi togayira chakudya. Pafupifupi onsewa amabwerera m'magazi, otuluka ndi chimbudzi sakwana kapu imodzi. Tizilombo tikasokoneza ntchito imeneyi, madzi ndi mchere zimathawa. Chimene chimapha si kupitapita kuchimbudziko, koma kuuma kwa thupi. Loperamide sabwezera ngakhale dontho. Ndi mbale wake wa morphine amene amangogwira m'matumbo, amawagoneka kuti asayende. Munthu wamkulu wotsekula zamadzi, wopanda magazi komanso wosatentha thupi, amene ali pa ulendo kapena pa ntchito yoti sangachokepo, angamwe 4 mg poyamba kenako 2 mg akatsekulanso, osapitirira mlingo wolembedwa papaketi, osapitiriranso masiku awiri. Mlingo wochuluka umasokoneza kagundidwe ka mtima. Pakakhala magazi kapena kutentha thupi, kugoneka matumbo n'kutsekera mdani m'nyumba. Kwa mwana wamng'ono matumbo amatha kuimiratu, mimba n'kutupa, madzi n'kumaunjikana m'kati osaoneka, mwana n'kuyamba kuwodzera. Mayi amaona matewera ouma n'kuganiza kuti wachira, pamene thupi likuumabe. Ana amwalirapo nazo, ndipo bungwe la WHO limaletsa mankhwala oterewa kwa ana aang'ono.

Flagyl, amene dzina lake lenileni ndi metronidazole, amapha amoeba ndi giardia. Kutsekula kwambiri kwadzidzidzi kumabwera ndi mavairasi monga rotavirus ndi norovirus, kapena mabakiteriya amene thupi limathana nawo lokha m'masiku ochepa, ndipo Flagyl sachitapo kanthu. Munthu amachira pa tsiku lachitatu monga akanachirira, ulemu n'kupita kwa piritsi. Zimandipweteka mtima kwambiri chifukwa metronidazole ndi mmodzi mwa mankhwala ochepa amene tili nawo ophera Helicobacter. Nthawi iliyonse imene bambo amwa mapiritsi awiri atatu n'kusiya, kachilombo ka m'chifu kaja kakuphunzira kumupirira. Maantibayotiki ali ndi malo ake: kamwazi, amene nthawi zambiri amafuna ciprofloxacin kapena azithromycin, kolera yoopsa, ndi tizilombo topezeka popima chimbudzi. Iwonso amatsekulitsa m'mimba popha mabakiteriya abwino, ndipo kwa okalamba, makamaka amene akumwanso omeprazole, amatha kutsegulira njira kachilombo koopsa kotchedwa Clostridioides difficile. Dziwaninso kuti thupi likauma munthu akumwa diclofenac, mapiritsi okodzetsa, enalapril wa kuthamanga magazi kapena metformin wa matenda a shuga, impso zimatha kuvulala m'masiku ochepa. Bambo akatsekula kwambiri, funsani ngati mankhwala oterewa ayenera kuimitsidwa kaye.

Mankhwala enieni a kutsekula m'mimba ndi ORS, madzi a mchere ndi shuga obwezera madzi m'thupi. Anthu amawapeputsa chifukwa amaoneka ngati madzi wamba. Mu 1960 wasayansi Robert Crane anafotokoza kuti m'khoma la matumbo muli kakhomo kamene mchere umalowera pokhapokha uli limodzi ndi shuga wa glucose, ndipo ziwirizi zikalowa madzi amatsatira. Kakhomo kameneka kamagwirabe ntchito ngakhale munthu akudwala kolera. Mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ku Bangladesh, kolera inabuka pakati pa othawa kwawo ku Bangaon m'dziko la India, madiripi n'kutha. Dokotala Dilip Mahalanabis anasakaniza mchere, shuga ndi soda m'migolo ya madzi, n'kuuza achibale kuti aziwamwetsa odwala awo. Kumene ankamwalira anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse, anayamba kumwalira osakwana 4. Mu 2004 WHO ndi UNICEF analengeza kuti mwana wotsekula m'mimba azipatsidwa ORS wa mtundu watsopano, wochepa mchere ndi shuga, pamodzi ndi zinc.

Paketi isungunulidwe m'madzi aukhondo a muyezo wolembedwa papaketipo, nthawi zambiri lita imodzi, osachepetsa madzi poganiza kuti akhala amphamvu, chifukwa mchere wochuluka ndi woopsa kwa mwana. Otsala atayidwe pakatha maola 24. Mwana wosakwana zaka 2 amwe 50 mpaka 100 ml nthawi iliyonse akatsekula, wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200 ml, wamkulu amwe mmene angathere. Paketi ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito podikira. Mukalawa asawawe mchere kuposa misozi. Zakumwa za m'mabotolo ndi majuwisi otsekemera kwambiri amakokera madzi m'matumbo n'kuwonjezera vuto.

Kamwetsedwe kake n'kofunika ngati mankhwalawo. Ndinaonapo mayi wina atakhala pabenchi, mwana ali pamiyendo, maso atalowa, milomo itauma. Poyamba anamupatsa kapu yonse, mwana n'kusanza zonse, mayi n'kugwetsa misozi kuti mankhwala akukana. Namwino anamupatsa supuni n'kumuuza kuti adikire mphindi 10, kenako azimupatsa supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Zinaoneka ngati zochedwa. Patatha maola atatu mwana uja anakodza, n'kuyamba kulimbirana supuniyo ndi amayi ake. ORS saletsa kutsekula nthawi yomweyo, ndipo musamuweruze ndi chiwerengero cha matewera. Muzimuweruza ndi mkodzo, misozi ndi maso a mwana.

Zinc ndi amene amafupikitsa matendawa ndi kuteteza mwana kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Motsata malangizo a mu 2004 aja, wanuyo amwe 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale atachira pa tsiku lachitatu. Wosakwana miyezi 6 amamwa 10 mg. Piritsi lake limasungunuka pasupuni ndi timadzi pang'ono. Ngati akuyamwa apitirize, ndipo chakudya asamanidwe, chifukwa matumbo amapola msanga akamalandira chakudya. Thamangani naye kuchipatala akakana kumwa, akamasanza chilichonse, akafooka moti n'kuvuta kudzutsa, maso akalowa, khungu la pamimba mukalitsina n'kuchedwa kubwerera, mukaona magazi, akatentha thupi, kapena chimbudzi chikakhala choyera ngati madzi otsukira mpunga. Kutsekula kofika masiku 14 n'kofunika kupimidwa ngakhale mwana akusewera. Onaninso m'buku lake ngati analandira katemera wa rotavirus.

Za bambo, sabata ino isathe musanapite nawo kwa dokotala. Kuyambira lero diclofenac, loperamide ndi Flagyl zichoke pamalo pamene angazifikire, paracetamol alowe m'malo. Nyamulani botolo ndi paketi iliyonse imene amwapo, ngakhale zopanda kanthu ndi za zitsamba zomwe, ndipo lembani papepala mwezi umene chilichonse chinayambidwa. Pemphani kuti awapime kuchuluka kwa magazi, impso ndi Helicobacter, awapime kumbuyo ngati kuli chitsekerero, ndipo funsani za kuunika m'chifu. Ngati dokotala ataona kuti mawondowo sangatheke popanda mankhwala a gulu la diclofenac, apereke mlingo wochepa kwa nthawi yochepa, pamodzi ndi omeprazole tsiku lililonse. Kachilombo kakapezeka n'kumaliza masiku 14 aja, bwererani patatha masabata osachepera 4 kuti akapimenso chimbudzi kapena mpweya, chifukwa ululu ukhoza kutha kachilomboko kadakalimo.